Kuyeza Nyengo M'munda Mwanu: Malangizo kwa Alimi a Mapichesi, Maapozi ndi Mphesa ku Dedza ndi Ntcheu

Pali ntchito zitatu zimene zimakanika alimi a zipatso chaka ndi chaka. Munthu amapopera mankhwala m'mawa, masana mvula n'kuwatsuka onse. Mapichesi amachita maluwa ochititsa kaso, usiku umodzi wokha chisanu n'kuwawaula. Ikafika Okutobala, madzi amathiridwa mongoganizira, zipatso n'kukhala tizing'onoting'ono kapena kuyoyoka zisanakhwime.

Gwero la zonsezi n'limodzi. Ulosi wa Nthambi Yoona za Nyengo umene timamva pa wailesi ndi wofunika, koma umanena za dera lalikulu. Dedza ndi dzina limodzi, chonsecho boma lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 pomwe Golomoti ndi Mtakataka zili kunsi kwa phiri, pansi pa mamita 700. Mukakwera mamita 100 alionse, kutentha kumatsika ndi pafupifupi 0.6°C, ndiye wa ku Bembeke ndi wa ku Golomoti sangalime ndi kalendala imodzi, monganso wa ku Tsangano ndi wa kuchigwa cha Bwanje. Ngakhale m'munda umodzi, mzere wa kumtunda ndi wa kumphepete kwa dambo umasiyana. Ulosi muzimvera ndithu, koma manambala ogwirira ntchito muziwatenga pakati pa mitengo yanu.

## Zida zofunika

- Choyezera mvula chogula, kapena fanelo ndi chigubu cha malita 5
- Sirinji yaikulu yopanda singano, ya mamililita 20 kapena 60
- Zoyezera kutentha ziwiri, za mtundu umene umasunga nambala yotsikitsitsa ndi yokweretsetsa. Ngati chimodzi chikuonetsanso chinyezi cha mumpweya, ndi bwino koposa
- Kabokosi kamatabwa kopaka penti yoyera, kapena mbale zapulasitiki zoyera zisanu ndi imodzi ndi mabawuti atatu ataliatali
- Mgolo wachitsulo wa malita 200 woti mudule, ndi waya wa nkhuku
- Kapu ya mamililita 250, rula, tepi yoyezera
- Nsanamira ziwiri zothira mankhwala a chiswe, ndi kansalu kopepuka kautali wa masentimita 50
- Kope lachikuto cholimba ndi pensulo. Bolopeni imafufutika kope likanyowa

Makina amagetsi a dzuwa amene amatumiza manambala pa foni alipo, ndipo amene angakwanitse agule. Koma malamulo a poika ndi omwewa, ndipo makina odula oikidwa pamalo olakwika amanama mofanana ndi chigubu.

## Gawo 1: Ikani choyezera mvula

1. Sankhani malo apambalambanda. Mtunda wochokera pa mtengo, nyumba kapena tsekera ukhale wosachepera kawiri kutalika kwa chinthucho. Ngati mtengo wa bulugamu ndi wa mamita 10, talikirani mamita 20.
2. Zikani nsanamira, mumangirire chigubu, fanelo ikhale pakamwa pake. Mlomo wa fanelo upitirire nsonga ya nsanamira, ndipo ukhale wowongoka osapendekeka. Mita imodzi kuchokera pansi ndi yokwana kuti madzi odontha pansi asathovukiremo komanso mbuzi zisafikire.
3. Matani polumikizira fanelo ndi chigubu ndi mphira wa chubu cha njinga, kuti madzi oyenderera kunja kwa fanelo asalowe. Siyani kampata kakang'ono kotulukira mpweya, apo ayi mvula yamphamvu idzasefukira pamwamba.
4. Yezani kukula kwa mlomo wa fanelo kuchokera mbali ina kufika mbali ina, mkati mwake, m'masentimita. Chulukitsani nambalayo ndi iyo yomwe, kenako ndi 0.0785. Yankho lake ndi mamililita amene akuimira milimita imodzi ya mvula. Fanelo ya masentimita 16 imapereka 20. Ya masentimita 14 imapereka 15.4. Lembani nambalayi pachikuto cha kope.
5. M'mawa uliwonse khuthulirani madzi m'kapu, muwayeze ndi sirinji, mugawe ndi nambala ija. Mamililita 240 pa fanelo ya masentimita 16 ndi mvula ya mamilimita 12.

Chenjezo: musaviike rula m'chigubu n'kulemba kuya kwa madziwo ngati mvula. Rula imagwira ntchito pa chitini chowongoka chokha, chomwe kukamwa ndi kunsi n'kofanana. Ndowa ndi yotambalala kukamwa, botolo la zakumwa lili ndi mabampu kunsi. Zonsezi zimapereka nambala yabodza.

Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pamalo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Sungani zimenezi pamtima, chifukwa masamu onse a kuthirira atsamira pomwepa.

## Gawo 2: Ikani zoyezera kutentha

Choyezera chimene chikuombedwa ndi dzuwa chimayeza kutentha kwa icho chomwe, osati kwa mpweya. Chopachika pakhoma la nyumba chimayeza kutentha kwa njerwa. Chimafuna mthunzi ndi mphepo yodutsa momasuka.

1. Kabokosi kakhale ndi timatabwa topendekera pansi m'mbali zonse, tosiya mipata. Denga likhale lamatabwa, osati lata. Chitseko chiyang'ane kumwera, poti miyezi yambiri pachaka dzuwa limadutsa chakumpoto kwathu.
2. Ngati mukugwiritsa ntchito mbale, zivundikireni chozondotsa, muzisanje pa mabawuti ndi mpata wa masentimita awiri pakati pa mbale ndi inzake. Boolani pakati pa zinayi zam'munsi kuti choyezera chilowe. Ziwiri zapamwamba zikhale zosaboola.
3. Choyamba chikhale pakati pa munda, mita imodzi ndi theka kuchokera pansi.
4. Chachiwiri ndi choyendayenda. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti chiikeni pamalo otsikitsitsa a munda, pamsinkhu wa nthambi zam'munsi, kapena masentimita 50 ngati pali mbande.
5. Musanazisiyanitse, zigonekeni malo amodzi masiku atatu. Chimodzi chikamaposa chinzake ndi digiri imodzi nthawi zonse, lembani kusiyanako ndipo muzikuchotsera.

Chenjezo: zoyezera za mabatire zili ndi kabatani kosintha °C kukhala °F. Mukaona 50 m'mawa wa mu Juni, mwana wadina kabataniko. Ndipo mukawerenga, fufutani manambala osungidwawo tsiku lililonse. Mukaiwala, chidzakuonetsani kuzizira kwa sabata yatha ngati kwa lero.

## Gawo 3: Beseni loyezera madzi ouma ndi dzuwa

Dulani mgolo kuti mutsale ndi beseni lakuya masentimita 25. Likhazikeni pamatabwa, pamalo owongoka ndi apadzuwa, kufupi ndi choyezera mvula. Ikani mwala wathyathyathya pakati wokhala ndi msomali woloza kumwamba, nsonga yake ikhale masentimita 5 kunsi kwa mlomo wa beseni. Thirani madzi mpaka nsonga ya msomali ingokhudza pamwamba pa madzi. Phimbani ndi waya wa nkhuku. Popanda wayayo agalu ndi nkhuku zimamwa, inu n'kumalemba kuti dzuwa lanyanya.

Ubwino wa mgolo wa malita 200 ndi wakuti kukamwa kwake ndi pafupifupi masentimita 57, ndiye kapu imodzi ya mamililita 250 ikufanana ndi milimita imodzi. M'mawa onjezani madzi kapu ndi kapu mpaka afike pa msomali. Makapu 6 ndiye kuti dzulo kunauma mamilimita 6. Ngati kunagwa mvula, phatikizani mvulayo ndi makapu amene mwaonjeza. Ngati madzi apitirira msomali, tungani mukuwerenga makapu, muchotsere pa mvulayo. Sinthani madzi akayamba ndere.

Kansalu kaja kamangeni pansonga pa nsungwi yotalika kuposa mitengo yanu pang'ono.

## Gawo 4: Kalembedwe ka m'kope

Werengani zida zonse nthawi imodzi tsiku ndi tsiku, 8 koloko m'mawa. Jambulani mizere ya: tsiku, mvula, kuzizira kumtunda (nambala yotsikitsitsa ya choyezera choyamba), kuzizira kumunsi (ya chachiwiri), kutentha kwa masana (nambala yokweretsetsa), makapu a beseni, mphepo, maola amene masamba ananyowa, ndi ntchito kapena zimene mwaona pamitengo.

Mvula, makapu ndi kutentha kwa masana zimene mwawerenga m'mawa uno ndi za dzulo. Zilembeni pamzere wa dzulo. Kuzizira kokha ndiye kwa lero. Tsiku lopanda mvula lembani 0. Tsiku limene simunayeze lembani kamzere. Ziwirizi zikasakanikirana, pakutha pa chaka simudzadziwa ngati kunali ng'amba kapena munali kumaliro.

Mzere womaliza ndi umene anthu amaunyozera, koma ndiwo umapatsa manambala enawo tanthauzo. Lembani tsiku limene maso a nthambi anayamba kutupa, duwa loyamba, tsiku limene mtengo unayera ndi maluwa, mawanga oyamba pamasamba, tsiku lopopera ndi dzina la mankhwala, ndi tsiku lothyola.

## Gawo 5: Chisanu

Mpweya wozizira ndi wolemera, umayenderera kutsika ngati madzi n'kukadikha m'dambo, m'khwawa, kapena kuseri kwa mpanda wothithikana. Usiku wa mitambo kapena wa mwera wamphamvu si woopsa kwenikweni, chifukwa mitambo imasunga kutentha ndipo mphepo imasakaniza mpweya. Woopsa ndi usiku umene chiperoni changotha kumene: mpweya wozizira wafika kale, mitambo yachoka, mphepo yaleka, nyenyezi zili ngwee.

Maluwa otseguka a mapichesi ndi maapozi amayamba kufa pa −2°C, ndipo pofika −4°C ambiri amakhala atapita. Tizipatso tongomangika kumene ndi tosalimba kuposa maluwa. Mphukira zanthete za mphesa zimapsa pa −1°C mpaka −2°C. Mbande za mapeyala, mango ndi mapapaya zimavulala kukangofika pa 0°C. Dziwaninso kuti usiku wopanda mitambo udzu ndi masamba apansi amazizira madigiri awiri kapena kuposa poyerekeza ndi mpweya wa m'kabokosi. Kabokosi kakaonetsa 3°C, pansi pakhoza kukhala poyera kale.

Kalosereni chisanu motere:

1. Kuyambira mu Meyi, usiku uliwonse wopanda mitambo ndi mphepo, werengani choyezera cha kumunsi 7 koloko madzulo.
2. M'mawa chotserani kuzizira kwa usikuwo pa nambala ya madzulo ija. Mukachita zimenezi kakhumi, mudzaona kuti munda wanu umatsika ndi madigiri angati. Tenganiko kutsika kwakukulu kopambana.
3. Tiyerekeze kuti kutsikako ndi madigiri 9. Madzulo akumwamba koyera mukawerenga 12°C kapena kucheperapo, m'bandakucha kukhoza kufika 3°C, ndiye tetezani.
4. Ngati muli ndi choyezera chinyezi, onjezani ichi: chotsani chinyezi pa 100, gawani ndi 5, yankho mulichotse pa kutentha. Pa 12°C ndi chinyezi cha 55 pa 100, ndi 12 kuchotsa 9, kutsala 3. Pamenepo ndi pomwe mame ayambire kugwa, ndipo mame akayamba kuzizira kumachepa liwiro. Nambalayi ikakhala 3 kapena pansi, palibe choimitsa kuzizira msanga. Masamuwa amagwira bwino chinyezi chikaposa 50.

Zochita zake: thirirani nthaka masana, tsiku limodzi kapena awiri chisanu chisanafike, chifukwa dothi lonyowa limasunga kutentha kwa dzuwa n'kukutulutsa usiku. Tchetchani udzu pakati pa mizere, ndipo m'nyengo ya maluwa kankhirani pambali zophimbira za pansi pa mtengo. Zimatchinga kutentha kotuluka m'nthaka. Mudzazibwezere chisanu chikatha. Mbande zimangireni kakhumbi ka udzu kapena ziguduli za masaka kofika pansi, kotsegula masana. Pepala la pulasitiki lokhudza masamba limawotcha pomwe lakhudzapo. Ngati mpanda wa kumunsi kwa munda ndi wothithikana, tsegulani mipata kunsi kwake kuti mpweya wozizira upitirire.

Za kufukiza utsi wa zinyalala m'bandakucha, musadalire. Chimene chimathandizako pang'ono ndi kutentha kwa moto, osati utsi, ndipo mu Julayi tchire lili gwaa, moto ukathawa muonongetsa zambiri kuposa chisanu.

Pakatha nyengo imodzi yozizira mudzakhala ndi mapu a munda. Kumene choyezera chachiwiri chimatsika kawirikawiri kusabzalidwe mapeyala kapena mphesa.

## Gawo 6: Kodi kuzizira kukukwana?

Mapichesi ndi maapozi amafuna kugona m'nyengo yozizira kuti adzuke pamodzi. Kugonaku kumawerengedwa m'maola amene kutentha kuli pakati pa 0°C ndi 7°C. Mapichesi osafuna kuzizira kwambiri, monga Flordaprince ndi Tropic Beauty, amakhutira ndi maola pafupifupi 150. Maapozi a Anna ndi Dorsett Golden safuna oposa 300, pomwe Golden Delicious imafuna 600 kapena kuposa. Masana otentha amafufutako gawo la kuzizira kwa usiku, ndipo n'chifukwa chake mitundu ya kumaiko ozizira imavuta kuno ngakhale usiku tikufunda mabulangete awiri.

Kuwerenga maola enieni kumafuna kachipangizo kolemba kutentha ola lililonse. Popanda iko, werengani mausiku amene kuzizira kunafika 7°C kapena pansi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mufananize ndi momwe mitengo yaphukira. Mtengo wosakhuta kuzizira umadziwika: nthambi zambulanda pakati koma timasamba tounjikana kunsonga, maluwa otuluka mwa apo ndi apo kwa milungu yambiri, duwa ndi chipatso pa nthambi imodzi.

Chaka chimene mausiku ozizira achepa, thandizani mitengo. Lekani kuthirira kwa milungu ingapo, pululani masamba otsalira ndi manja, weramitsani nthambi zoongoka za maapozi kuti zigone chopingasa n'kuzimangirira ku zikhomo, dulirani, kenako thirirani mokwanira. Ndipo musanagule mbande zambiri za mtundu watsopano, funsani maola ake mufananize ndi kope lanu. Wogulitsa akalephera kutchula mtundu wa mbande, gulani zisanu zoyesera, osati 200.

## Gawo 7: Kuthirira ndi masamu

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itakhazikika ndi pamene zipatso zikukula popanda dontho lochokera kumwamba.

1. Phatikizani makapu a beseni a masiku 7.
2. Chulukitsani ndi 0.7, chifukwa madzi apoyera amauma msanga kuposa momwe mtengo umamwera.
3. Chotsani mvula ya sabatayo. Mvula yosafika mamilimita 5 patsiku musaiwerengere m'nyengo yotentha, imangonyowetsa fumbi.
4. Yezani kutambalala kwa nthambi za mtengo m'mamita. Chulukitsani nambalayo ndi iyo yomwe, kenako ndi 0.8.
5. Chulukitsani yankho la 3 ndi la 4. Amenewo ndi malita a mtengo umodzi pasabata.

Mwachitsanzo, makapu 49 pasabata, kuchulukitsa ndi 0.7, ndi mamilimita 34. Mtengo wotambalala mamita atatu umaphimba malo a masikweya mita pafupifupi 7. Ndiye malita ndi pafupifupi 240, kapena ndowa 12 za malita 20. Ambiri akaona nambalayi amadzidzimuka, poti anazolowera keni imodzi pa mtengo. Ngati madzi sakukwana mitengo yonse, ndi bwino kupatulira zipatso kuti zichepe, kuphimbira pansi ndi udzu wokhuthala masentimita 10 wosakhudza thunthu, ndi kuika madzi ambiri pa milungu itatu kapena inayi yomaliza zipatso zisanapse, pamene mapichesi amafufuma kwambiri.

Thirani m'beseni lozungulira kumapeto kwa nthambi, kumene kuli mizu yomwa madzi, osati patsinde. Dothi lamchenga ligawireni kawiri kapena katatu pasabata. La katondo kamodzi kapena kawiri. Mawa lake kumbani masentimita 30 ndi khasu, mufumbate dothi. Likaumbika osatuluka madzi, zili bwino. Likamwazika, onjezani. Likamata ngati phala, chepetsani. Beseni lodulidwa ku mgolo limauma msanga pang'ono kuposa la akatswiri a zanyengo, ndiye khasu ndi limene lizikonza masamu anu.

Chizimalupsa chisakunamizeni kuti muleke kuthirira kapena muyambe kuwokera mbande. Wokerani pokhapo dzenje la masentimita 60 litanyowa mpaka pansi ndipo mvula yabwera mobwerezabwereza. Feteleza wa yureya thirani panthaka yachinyontho n'kukwirira. Akasiyidwa pamtunda padzuwa amauluka, ndipo mvula yamkuntho imamukokolola. Mvula ya mamilimita 10 mpaka 15 ikagwa pambuyo pake imamulowetsa bwino.

## Gawo 8: Matenda ndi nthawi yopopera

Matenda ambiri a masamba ndi zipatso amalowa tsamba likakhala lonyowa kwa maola angapo motsatizana. Apa choyezera mvula pachokha chimasocheretsa. Tsiku la chiperoni kapena la nkhungu ya m'phiri, chigubu chimaonetsa milimita imodzi kapena osaonetsa kanthu, koma masamba anyowa kuyambira usiku mpaka madzulo. Mvula yamkuntho ya mamilimita 30 yotsatana ndi dzuwa ndi mphepo imaumitsa masamba pa maola awiri. Pa matenda, tsiku loyambalo ndiye loopsa. Choncho muzigwira masamba a mkati mwa mtengo m'mawa, masana ndi madzulo, mulembe nthawi imene ananyowa ndi imene anauma. Mame awerengereninso.

Mphesa. Nthenda ya mawanga achikasu ooneka ngati mafuta pamwamba pa tsamba, ndi nkhungu yoyera kunsi kwake, imayamba zinthu zitatu zikakumana: mvula ya mamilimita 10 kapena kuposa, kutentha kosatsika pansi pa 10°C, ndi kunyowa kopitirira kwa maola 24. M'dzinja zimenezi zimakumana kawirikawiri. Mankhwala a kopa kapena mancozeb, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Dithane, ndi oteteza, sachiza. Ayenera kukhala patsamba mvula isanagwe. Nthenda ina, ya ufa woyera pamwamba pa masamba ndi zipatso, siifuna mvula. Imakonda 20°C mpaka 30°C ndi thandala lothithikana. Mankhwala ake ndi salufa, koma musapopere tsiku limene kutentha kukuyembekezeka kupitirira 30°C, amawaula masamba. Ufa woyera wofanana ndi umenewu pa maluwa a mango umagwa m'miyezi ya usiku wozizira ndi mame.

Maapozi. Nkhanambo yakuda ya masamba ndi zipatso imalowa masamba akanyowa maola 9 pa kutentha kwa 16°C mpaka 24°C, kapena maola 14 pa 10°C.

Mapichesi. Nthenda yopiringiza masamba n'kuwafiiritsa imalowa pamene maso akutupa, kukakhala kozizira ndi konyowa. Kopa amapoperedwa masamba atayoyoka kapena maso asanatseguke. Masamba akapiringizika kale, kupopera n'kutaya ndalama, ndipo kopa pa masamba a pichesi otambasuka amawotcha. Kuola kwa zipatso zoyandikira kupsa kumakula ndi mvula. Ulosi ukanena za masiku angapo a mvula, thyolani zokhwima zisanafewe.

Tsiku lopopera, yang'anani izi:

1. Kansalu. Kakamagwedezeka pang'ono ndipo masamba akuchita phokoso lapansipansi, ndiyo mphepo yabwino. Kakatambasuka n'kuima chopingasa, kapena fumbi likunyamuka, ikani sipuleya pansi.
2. Bata lenileni la m'bandakucha, utsi ukamayenda chogona pamwamba pa dambo, si nthawi yabwinonso: timadontho timayandama n'kukatera kudimba la mnansi.
3. Masamba akhale ouma, ndipo pakhale maola awiri kapena atatu opanda mvula kuti mankhwala aumirepo. M'dzinja mvula imakonda masana, ndiye yambani mame akangouma.
4. Mukapopera, yambani kuphatikiza mvula kuchokera pa 0. Ikafika mamilimita 25, chitetezo cha mankhwala okhala pamtunda pa tsamba chayamba kuchepa, fupikitsani masiku. Ikafika 50, bwerezani mpata ukangopezeka, motsata malire olembedwa pa paketi.
5. Mankhwala opha tizilombo asapoperedwe maluwa ali otseguka. Njuchi zikafa, maapozi samanga. Werengani pa paketi masiku oyenera kudikira musanathyole.

## Gawo 9: Kulosera tsiku lothyola

Phatikizani kutentha kwa masana ndi kuzizira kwa usiku, gawani pawiri, chotsani 10. Pa 26°C ndi 12°C yankho ndi 9. Likatsika pansi pa 0, lembani 0. Muziphatikiza manambalawa tsiku ndi tsiku kuyambira pamene mtengo wayera ndi maluwa, kapena tsiku lodulira mphesa, mpaka kuthyola. Chiwerengero chimene mtundu uliwonse wafika chaka chino chidzakhala pafupifupi chomwecho chaka chamawa, ngakhale masiku asiyane. Mukatero mumadziwiratu sabata yoitana ogula a ku Lizulu kapena a ku Lilongwe, ndi nthawi yotchera misampha ya ntchentche za zipatso, yomwe iyenera kukhala m'munda zipatso zisanayambe kusintha mtundu.

Kwa mphesa masamuwa ndi amene amasankha tsiku lodulira. Kuchokera pa kudulira mpaka kupsa pamatenga miyezi inayi kapena isanu. Mukadulira mochedwa, mphesa zimapsa mkati mwa dzinja, zimang'ambika ndi kuola. Mukafulumira, mphukira zimakumana ndi chisanu. Onani m'kope tsiku lomaliza limene kumunsi kunafika 3°C, ndi sabata imene mvula inakhazikika. Yesani kudulira mizere itatu motalikitsa milungu iwiri, mulembe chimene chichitike pa uliwonse.

## Zolakwika zofala

Kuyeza mvula ikagwa pokha. Madzi otsala m'chigubu masiku atatu amauma ena, ndipo simudziwa kuti anagwa liti. Phunzitsani munthu wachiwiri pakhomo, ngakhale mwana wa sitandade 7, kuti kope lisadumphe.

Mitengo kukulira choyezera. Malo amene anali apambalambanda zaka zitatu zapitazo lero ali pansi pa nthambi. Yezaninso mtunda mwezi wa Okutobala uliwonse. Mukasuntha chida, lembani tsikulo.

Kusintha fanelo osasintha nambala. Fanelo yapulasitiki imaonongeka ndi dzuwa. Yatsopano ikasiyana ndi sentimita imodzi yokha, mvula yonse ya chaka imalakwika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo khumi.

Kukopera manambala a mnansi kapena a pa foni. A pa foni ndi oyerekeza dera lonse. Pa mvula ya mabingu, munda wina umalandira mamilimita 40 pomwe wa kuseri kwa phiri uli fumbi lokhalokha.

Kukhulupirira chaka chimodzi. Chaka choyamba chimakuonetsani kusiyana kwa kumtunda ndi kumunsi, ndipo pa zimenezo mutha kuchitapo kanthu. Koma za tsiku lodulira ndi mitundu yobzala dikirani zaka zitatu.

Kupopera motsata kalendala yokha. Masiku 14 alionse, kaya kwagwa mvula ya mamilimita 80 kaya kuli ng'amba. Poyambapo mitengo imakhala yosatetezeka sabata yathunthu. Pachiwiripo mukuthira ndalama pamasamba ouma.

Mabatire kufera m'nyengo yozizira. Batire yofooka imazima usiku wozizira kwambiri, womwe ndi usiku umene mumaufuna. Ikani atsopano kumayambiriro kwa Meyi, ndipo muzitsegula kabokosi sabata iliyonse kuchotsa mavu omanga zisa ndi nyerere, zomwe zimakonda kulowa m'kachipinda ka batire.